Makina Anga a ku Hauna

Fungo la oyilo wopserera pagalaja lero landikumbutsa amalume anga, amene ankauza aliyense kuti makina anga anapanga ndi iwo. Nditasiya sukulu, ndinalumikiza ndekha makina osemera zitsulo kuseri kwa nyumba ku Hauna, ndi mota yotayidwa kuesiteti ya tiyi. Ndinkakonda kuona tizitsulo totentha tikugwa topotanapotana.

Tsiku lina mwini chigayo anabweretsa shafiti yodyeka, chitsulo chozunguza chigayo chake, kuti timusemere. Amalume anayatsa makinawo monyada, koma mota inangong'ung'udza osazungulira. Sankadziwa kuti lamba amafuna kumukoka kaye ndi dzanja.

"Iwe mupfana, tabwera kuno!" amalume anandikuwira.

Ndinapinda manja.

"Amalume, auzeni kaye bambowa amene anapanga makinawa. Mukatero ndiwadzutsa."