Mafomu Oyera a Mlongo Wanga

Mlongo wanga wamng'ono anayamba ukalaliki pa chipatala chachikulu Lolemba pa 2 Febuluwale 1998, ku chipinda cha kafukufuku. Anzake ankamutcha a Rula, chifukwa sankalemba nambala asanajambule mzere ndi rula. Chipatalacho n'chotchuka ndi zimene madokotala ake amasindikiza m'magazini a zachipatala, zimene madokotala a m'mayiko ena amawerenga n'kusinthira kachiritsidwe. Manambala ambiri a m'nkhanizo ankadutsa pa tebulo la a Rula, pafupi ndi zenera losatseguka.

Kuyambira 2004 ankasunga mafomu a kafukufuku wa ana obadwa osakwana masiku. Mwezi ndi mwezi anamwino ankayeza mwana pa sikelo, n'kulemba pa fomu, fomulo n'kubwera kwa iye. Patatha zaka zisanu ndi ziwiri a Pulofesa, mkulu wa kafukufukuyo, anatumiza zotsatira ku magazini. Nkhaniyo isanasindikizidwe, kunabwera mayi woyendera kudzaona mafomu.

Linali Lolemba, pa 14 Marichi 2011. Mayiyo anatsegula mafayilo atatu, n'kuika magalasi patebulo.

"Bambo, ana amenewa sankalira? Sankakodzera munthu?"

"Ankalira, mayi."

"Nanga bwanji mafomu onse 4,112 ali mbee, dzanja limodzi, inki imodzi, popanda pofufuta?"

A Rula anamwetulira, kuyesa akuyamikiridwa. "Ndinkawakopera ine, mayi. Anamwino athuwa amalemba ngati papalasa nkhuku."

A Pulofesa anagwira mutu. Pa kafukufuku, pepala loyamba ndiye mboni, ngakhale litathimbirira, lokopera silikhulupirika. Mayiyo ananena mosakweza mawu kuti Lachisanu masana alemba lipoti. Mafomu oyambawo akapanda kuoneka, alemba kuti manambala ndi opeka. Nkhaniyo sisindikizidwa, zolemba zina za chipindacho zikayikiridwa, ndipo kalaliki achotsedwa ngati wachinyengo.

Mlongo wanga anafika kwathu dzuwa likadalipo, taye ili m'thumba.

"Achemwali, ndapha chipatala."

"Oyambawo munataya?"

"Ayi, ndinkapita nawo kunyumba. Kuofesi kulibe malo."

Tinapita limodzi. Makatoni asanu ndi limodzi anali pamwamba pa wadirobu, lina lotsegula. Mkazi wake, mlamu wanga, anaima pakhomo akupukuta manja.

"Mukufuna mapepala akudawo? Ena ndinayatsira moto, nthawi ija machesi ankavuta ndi chinyontho."

"Angati, mlamu?"

"Kodi munthu poyatsa moto amawerenga?"

Lachiwiri lonse tinakhala pansi m'chipinda chochezera, kuyala mafomu motsata miyezi. Ena anali ndi madontho a mankhwala, lina chidindo cha kaphazi ka mwana. Tinapeza 4,075. Osowa anali 37.

Mlongo wanga anayang'ana mulu uja, kenako anatulutsa cholembera.

"Manambala ake ndili nawo pa oyera aja. Ndingolemba ndi dzanja lamanzere, n'kuwapaka tiyi pang'ono."

"Achimwene, mukatero wokakunenezani ndine."

"Ndinu mlongo wanga kapena wa mayi uja?"

"Ndine wanu. Bweretsani cholemberacho."

Anandipatsa, koma sanandilankhulenso tsiku limenelo.

Lachitatu m'mawa tinakweza makatoni pa takisi. Mayi woyendera anamva za 37 aja osasintha nkhope. Anadzitsekera m'chipinda ndi anamwino awiri, wina akuwerenga fomu lakuda mokweza, wina akutsata loyera ndi chala. A Rula anauzidwa kudikira pa benchi la m'khonde, ine pambali pake. Tinkamva manambala kudzera pachitseko. A Pulofesa anadutsa kanayi osamupatsa moni. Namwino wina potuluka kukamwa madzi anamunong'oneza kuti, "A Rula, nkhuku zija lero zikukupulumutsani." A Rula sanaseke.

Lachinayi linatha chimodzimodzi.

Lachisanu pa 18 Marichi, itatsala pang'ono kukwana 12 koloko, mayiyo anaitana mlongo wanga. Chitseko anachisiya chotsegula.

"Ndapeza malo asanu ndi anayi pamene munasiyanitsa," anatero mayiyo. "Ponsepo namwino analemba 7, inu munawerenga 1. Kumeneko n'kulakwitsa, si kupeka. Akonzedwe potsata oyambawo. Osowa aja achotsedwe m'zotsatira, ndipo nkhaniyo inene chifukwa chake."

"Inene kuti anayatsira moto?" anafunsa a Pulofesa ndi mawu otsika.

"Inene kuti anatayika. Zamoto zikhale zanu." Kenako anatembenukira kwa mlongo wanga. "Bambo, mukanandibweretsera onse 4,112, ndikanakayika. Palibe nyumba imene imasunga mapepala zaka zisanu ndi ziwiri osasowapo."

A Rula anandiyang'ana kudzera pachitseko, n'kugwetsa maso.

Nkhaniyo inatuluka pa 9 Novembala 2011, ndipo a Pulofesa amati zipatala zina zinasintha kadyetsedwe ka ana osakwana masiku chifukwa cha iyo. Mlongo wanga sanachotsedwe. Analandira kalata yomuchenjeza, n'kusamutsidwira ku makina okopera mapepala, kumene anagwira mpaka kupuma pa 30 Juni 2015. Mpaka lero amadandaula kuti makinawo alibe ulemu, amakopera ndi madontho omwe.