Oyilo Wodzisintha Yekha

Alamu anga a Uledi sanalakwitsepo kanthu chibadwire. Afunseni, akuuzani okha. Anabwera kwathu ku Sadzi ngati mkamwini atanyamula kachikwama kamodzi ndi pakamwa, basi. Pikapu imene ankayenda nayo chigongono chili pawindo sinali yawo ayi. Malemu bambo athu anasiyira mng'ono wanga Sakina, mkazi wawoyo, kuti azitsitsira mbatata ya kachewere ndi masitiroberi kuchokera kuphiri kupita kumsika. Galimoto imeneyo ndiyo inali khasu la Sakina.

Bambo ankathira oyilo wamba. M'mawa uliwonse ankasolola kachitsulo koyezera oyilo, n'kupukuta ndi nsanza ya malaya awo akale, n'kuyang'anitsitsa. A Uledi ankati zimenezo n'zachimidzi.

Tsiku lina a Uledi anapita kukagula oyilo kusitolo ya a Hassim m'tauni. A Hassim anawauza bwinobwino, Sakina ali pomwepo: "Uyu ndi sinthetiki. Amakhalitsa, koma ndi wamadzimadzi, ndipo injini yanuyi yakalamba, izimumwa. Muziyang'ana pafupipafupi, apo ayi tengani wamba yemwe uja."

Mukuganiza kuti anamva? Makutu awo anatola liwu limodzi lokha. Anafika nacho chigubu chonyezimira, n'kukhala pakhonde kutiphunzitsa ife mbuli.

"Simukulimva dzinalo? Sinthe-tiki! Amadzisintha yekha m'katimo. Ukathira wathira."

Ine ndinaseka mpaka kutsamwa. Sakina sanaseke. Anatenga nsanza ya bambo ija n'kuwapatsa ndi manja awiri, iwo n'kupukutira nsapato.

Miyezi isanu ndi itatu boneti osatsegulidwa. Utsi kumbuyo uli tolotolo, anthu ku Chikanda akutseka mphuno, a Uledi amvekere, "Ndi oyilo wakaleyo akutuluka." Kanyali kofiira katayamba kuyaka kutsogolo kwa chiwongolero, anamatapo kapepala kuti kasamawathobwe m'maso. Munthu wandevu zake, abale! Sakina akati alankhule, ankamufunsa ngati anakhalapo pampando wa dalaivala.

Pikapu inafera pokwera phiri, Lachisanu m'mawa, pakona penipeni. Phokoso ngati wina akusinja miyala mumtondo, kenako zii. A Eddie, makaniko wa ku Zakazaka, atasolola kachitsulo kaja anakapeza kouma gwa. Anangopukusa mutu n'kunena kuti injini yapsa, palibe chokonza.

Manyazi? A Uledi sawadziwa. Mpaka lero amakhala pakhonde pompaja, kuuza aliyense wodutsa kuti a Hassim anawagulitsa oyilo wachinyengo, weniweniyo akanadzisintha. Amandinyansa, ndipo sindibisa.

Pikapu ili kuseri kwa nyumba, pa njerwa. Sakina tsopano amakwera phiri wapansi, n'kutsika dengu lili pamutu, miyendo itatupa. Dzulo ndinamuthandiza kutula katundu pamsika. Nkhata yake itagwa pansi ndinaizindikira. Inali nsanza ya bambo ija, ikununkhabe oyilo.