Nsikidzi za a Laston

Mu Lokeshoni ya Bulawayo, zaka zija njanji inkameza amuna a ku Nyasalande ngati nkhuku yotola mapira, munalibe chitseko chimene a Laston Chikuse sankachidziwa. Ena amati ankadziwa ngakhale makoswe a nyumba iliyonse, mayina awo ndi mipingo imene ankapemphera. Kumeneko n'kukokomeza. Makoswe ena anali achikunja.

Anabwera wapansi kuchokera ku Nkhotakota akadali mnyamata, nafika mapazi atatambasuka ngati malichero. Anatsukako mbale ku hotela, anapalasako njinga ya sitolo, koma ntchito imene inawayanja inali yopezera anthu pogona. Eni nyumba, ambiri a iwo amayi achindebele, ankawatsina khutu chipinda chikatsala chopanda munthu. Iwo ankavala jekete lawo limodzi lija n'kupita ku siteshoni kukayang'ana nkhope zosokera. Munthu wa ku Nyasalande ankamudziwira pa kagwiridwe ka mtolo: ankaukumbatira ngati kuti tauni yonse yapangana zomulanda bulangete.

Luso lawo linali pa kudziwa woti agone ndi yani. Myao wosadya nkhumba sankamuika pamodzi ndi wokazinga mafuta ake. Woliza mkonono ankamupezera mnzake wogontha. Ankakonda kunena kuti nyumba si njerwa ayi, nyumba ndi amene akutsokomola kuseri kwa khoma. Ndipo sankanama. Denga likakhala lodontha ankanena kuti likudontha, n'kukulozera pomwe udzaike beseni. Chuma china analibe, koma akanena kuti chipinda n'chabwino, munthu ankalowa atatsinzina.

Iwo eni ake ankakhala m'kachipinda kuseri kwa shedi ya malasha, kopapatiza moti akadziwongola, zigongono zinkagogoda kwa aneba mbali zonse ziwiri. Mkazi amene anamusiya kumudzi anatopa kudikira nakwatiwa ndi msodzi, ndipo dzina la a Laston linalowa m'gulu la matchona, aja opita osabwerera. Chimene anali nacho ndi bawo la mlombwa, lotha m'mbali ndi zala. Mlendo aliyense ankayamba wagona kwa iwo masiku angapo, madzulo n'kumasewera bawo pansi pa mtengo wa mbulosi. Akangoyamba kuzolowerana, chipinda chinkapezeka, pakuti a Laston ntchito ankaidziwa, ndipo mlendo ankanyamula mtolo wake. Akatsala okha ankaseweretsa dzanja lamanja ndi lamanzere. Lamanzere linkaba.

Chaka china m'nyengo yozizira sitima inatula a Davison, mmisiri wa matabwa wochokera ku Zomba, munthu wosayankhulayankhula, wa imvi m'mbali mwa makutu. Anapeza ntchito yokonza mabogi a sitima ku njanji. Madzulo oyamba anayang'ana bawo lija, nakhala pansi osaitanidwa, ndipo dzuwa lisanalowe anali atawadyera a Laston nkhomo zonse, ndi nyumba yomwe, dzenje lalikulu lija limene wosewera aliyense amalitchinjiriza ngati mwana wake. A Laston anali asanagonjepo chifikire mu Bulawayo. Anaseka mpaka nkhunda za aneba zinasamuka.

Kuyambira pamenepo madzulo anayamba kufupika. A Davison ankang'ung'udza nyimbo za ku tchalitchi akamawerenga maenje, ndipo ankaphika nyemba zosapsa, zoti ukaponya imodzi galu ankakomoka. A Laston ankazidya n'kupempha zina. Kwa nthawi yoyamba wotsokomola m'chipinda muja ankamveka ngati wa pakhomo, osati mlendo.

Koma a Davison sanabwerere bawo. Ankafuna chipinda cha chitseko chakechake, chifukwa akazi awo, a Winifred, anali atanenetsa kuti sakwera sitima kudzagona kuseri kwa chiguduli. Ndipo chipinda chotero chinalipo. MaNcube, mayi wa nyumba ya njerwa kumapeto kwa Lokeshoni, anali atawauza kale a Laston kuti chake chilibe munthu.

A Davison atafunsa za chipindacho, a Laston anayang'ana m'bawo nati chili ndi nsikidzi pang'ono. Linali bodza lawo loyamba pa ntchitoyi, ndipo linatuluka mosavuta ngati mbewa pa una. Sabata yotsatira nsikidzi zija zinali zitakula ngati mphemvu za ku mgodi, zoyenda ndi kapitawo wawo. Mwezi usanathe zinali zitakoka bulangete la munthu mpaka pa msewu. Zipinda zina nazo zinayamba kudwala. Ichi chinali ndi chinyezi choti achule ankachidandaula. Icho chinali ndi mneba woimba lipenga. A Davison ankangogwedeza mutu, n'kumalembera akazi awo kalata kuti apirire kaye.

Usaganize kuti a Laston ankamva bwino. Ku siteshoni ankayenda choweramira. Akamalozera mlendo podontha, mawu ankawatsamwa. Koma madzulo akamva a Davison akukwekwesa nsapato pa khomo, manyazi onse ankabisala kuseri kwa malasha.

Vuto la Lokeshoni ndi lakuti nkhani siyenda, imakwera njinga. Lamulungu lina masana, masewera ali pakati, anatulukira MaNcube atamanga nsalu m'chiuno, fumbi likuthawa kutsogolo kwake. Amayi ku mpopi anali atamufunsa ngati n'zoona kuti nsikidzi zake zinanyamula munthu ndi bedi lomwe.

"Wena Laston," anatero, "nsikidzi zangazo munazionera kuti? Tiyeni mukandionetse, nanenso ndizipatse moni, pakuti zikukhala m'nyumba mwanga ine osazidziwa."

Anaponya kiyi pa fumbi, nanena zina m'Chindebele zoti mbulosi uja sunabalenso chaka chimenecho, n'kubwerera.

A Davison anali ndi nkhomo m'manja. Anazibweza m'dzenje mmene anazitenga, imodziimodzi.

"Achimwene, chipindacho n'chabwino?"

"N'chabwino," anayankha a Laston. "Nsikidzi mulibe. Zenera layang'ana kum'mawa. Chitseko chimalira pang'ono, chikufuna mafuta."

"Nanga?"

A Laston anatola kiyi uja, namupukuta pa jekete nthawi yaitali kuposa mmene kiyi amafunira.

"Nanga ine ndikanasewera ndi yani?"

A Davison sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zitapepuka. Anakulunga bulangete lawo, ndipo a Laston anawanyamulira bokosi la zipangizo mpaka kwa MaNcube, nathira okha mafuta pa chitseko. Posiyana, a Davison anati masewera aja sanathe, oyenera kusewera tsopano ndi iwo, pasapezeke wogwira bawolo. Abwera Lamulungu.

A Winifred anafika mvula isanayambe. Kenaka kunabwera kwaya, kenaka mwana, kenaka wina. Akakumana pa msewu a Davison ankavula chipewa mwaulemu n'kunena kuti sanaiwale, abwera ndithu, ndipo ankanena zoona, monga mmene anthu okhala ndi mabanja amanenera zoona.

Lokeshoni inawapatsa a Laston dzina loti a Nsikidzi, ndipo linawamata mpaka imvi. Kwa kanthawi eni nyumba anawazemba, koma anabwerera, chifukwa panalibenso wina wodziwa kugoneka Mtonga ndi Mlomwe m'chipinda chimodzi popanda maliro. Sananamenso. Mwina anachita kupyola. Ankaulula ngakhale ming'alu imene mwini nyumba anali asanaione, ndipo pa nsikidzi ankatembenuza matiresi pamaso pako kuti udzionere wekha.

Bawo lija analiika pa alumali, nalifunditsa kansalu, nkhomo zili mmene a Davison anazisiyira. Alendo atsopano akapempha kusewera ankawauza kuti muli masewera a munthu. Ngakhale dzanja lamanzere lija linasowa pobera. Bawolo ankalivundukula pochotsa fumbi, ndipo analiyang'ana zaka zambiri moti ankadziwa mmene zidzathere: a Davison akadzangotola dzenje lakumapeto lija, nyumba ya a Laston yapita, palibe pothawira.

Lamulungu lililonse, akabwera ku tchalitchi, ankasesa pansi pa mbulosi, n'kutulutsa timipando tiwiri. Pa kamodzi ankakhalapo iwo, atayang'ana njira yochokera kwa MaNcube. Pa kachiwiriko, mphepo ikagwetsapo tsamba, ankalichotsa.