Dzino Lotsala Limodzi

Mnansi wathu, mtengatenga wakale wa azungu a sitima, amasonkhanitsa ndalama zagolide. Sagulira kanthu, poti kuno ku Chintheche malonda amayenda ndi nsalu ndi mikanda. Iliyonse amaidziwa mbiri yake: iyi inadzera ku Kilimane, iyo anasinthanitsa ndi mnyanga. Amaziyesa poluma. "Maso amanama, dzino silinama," amatero. Mano ake anathera momwemo. Latsala limodzi, lodyera chinangwa chootcha.

Tsiku lina Mswahili anabwera kudzagulitsa ndalama ina yonyezimira. Mnansi wathuyo anaifikitsa pakamwa, n'kukumbukira chinangwa, n'kuitana mkazi wake.

"Ama, tandilumirani iyi."

Mayiyo analuma, n'kuimanga pansalu yake.

"Ndi yeniyeni, Ada, mulipireni. Koma dzino lagwira ntchitoli ndi langa."

Lero mayiyo amaivala m'khosi, ndipo mbiri yake amafotokoza yekha.