Pa Mzati Wachitatu

A Doreen Thirtle analowa m'mudzi muno ndi ukwati ali kamtsikana, ndipo sanachokemonso. Ntchito yawo inali yophikira ana kusukulu, mbatatesi ndi kabichi tsiku ndi tsiku mpaka kupuma. M'tchalitchi sankalowamo kwenikweni. Wolowa anali mwamuna wawo, a Clifford, oimba kwaya, mawu ngati ng'ombe. A Doreen kwawo kunali kuseri, kukhoma la kumpoto, kosafika dzuwa, kwa ndere zokhazokha.

Chifukwa chake tonse tinkachidziwa, kungoti sitinkachikamba. Mu 1964 anabereka mwana wamkazi atafa kale. Masiku amenewo mwana wotere mayi sankamuona. Azamba anamukulunga, a Clifford ndi wokumba manda n'kukamuika m'tsinde mwa khoma, pogwera madzi a padenga. Akale ankati wosabatizidwa amabatizidwa ndi madzi amenewo. Mwala wa pamanda panalibe, dzina panalibe. A Doreen atafunsa, bambowo anangoti, "Pa mzati wachitatu." Basi. Mpaka kufa kwawo osabwerezanso.

Mizati yake ndi ija yochirikiza khoma kunjaku, ilipo isanu ndi iwiri. A Doreen anawerenga kuyambira ku nsanja ya mabelu, kumene kuli geti. Pa wachitatupo ndi pamene ankaima Lachinayi lililonse, chikwama m'manja, zaka zoposa makumi asanu.

Tchalitchi chathuchi n'cha miyala ndi laimu, chatha zaka mazana asanu ndi limodzi. Anzeru ena anadzachimata simenti, simentiyo n'kutsekera chinyontho mkati, khoma n'kuyamba kuyoyoka. Ndiye chaka chatha kunabwera amisiri kudzagumula simenti, kumata laimu, ndi kukumba ngalande ya paipi m'tsinde mwa khoma lonse la kumpoto.

Tsiku loyamba kukumba, a Doreen anafika ndi kampando kopinda. Kapitawo anali Howlett, mwana wa konkuno.

"Agogo, mwabwera kudzatiyang'anira? Bwana tili naye kale, mlesi wotheratu."

"Kumba, Howlett. Ndinkakupakulira kabichi uli ndi mamina iwe."

"Mpaka lero ndimamumva m'mimba kabichi wanu uja."

A Doreen sanaseke. Panalinso mayi wina wa ku yunivesite, Imogen, woona za mafupa akatuluka pokumba. A Doreen anamukodola.

"Mukafika pa wachitatu, mafosholo pansi. Pali wanga."

Imogen anawayang'ana, n'kugwada m'dothimo. Anakumba yekha ndi kachipande ndi burashi. Pa mzati woyamba ndi wachiwiri anapeza timafupa tambiri, tonga ta nkhuku. Anati n'ta kalekale, ana a anthu amene ngakhale mayina awo anaiwalika. Ankatiika m'timabokosi, a Doreen akungoyang'ana ngati akuona munthu akusenda mbatatesi.

Pa wachitatu anatha masiku atatu. Anafika mpaka pa maziko. Misomali iwiri, chibenthu cha botolo.

"Mayi, pepani. Palibe. Dothi la apa silinakumbidwepo n'kale lomwe."

"Chabwino."

"Ndikuperekezeni kunyumba?"

"Miyendo ndili nayo."

M'mawa mwake anabweranso n'kukhala pomwepo, pambali pa dzenje lopanda kanthu. Ena ankati mwina a Clifford ananama, mwana anatengedwa ndi achipatala. A Doreen ankamva zonsezo. Ankadya sangweji yawo, kupinda pepala, kuika m'chikwama. Ngalande inawadutsa, n'kumapita kutsogolo.

Sabata yotsatira, pa mzati wachisanu, fosholo ya Howlett inakoka ulusi wachikasu. Anaima. Anavula chipewa, mutu uli mbee ndi fumbi la laimu, n'kuitana Imogen. Imogen anasesa pang'ono ndi burashi, kenako anapita kukawagwira mkono a Doreen.

Kanali kajuzi ka mwana. Ulusi wa nayiloni suola, kanangoda ndi dothi.

"Ndinaluka ine aka," anatero a Doreen. "Mkono umodzi sindinamalize. Ndinkayesa kanasowa."

Howlett ankawerenga mizati ndi chala, kuyambira uko, kuyambira uku.

"Agogo, kuchokera kuguwa, uwu ndi wachitatu."

A kwaya salowera kugeti la ife. Ali ndi kakhomo kawo kumapeto, pafupi ndi guwa. A Clifford moyo wawo wonse tchalitchi ankachiyambira kumeneko.

"Chitsiru cha mwamuna," anatero a Doreen, ndi mawu wamba, ngati oitanitsira mkaka pasitolo.

Imogen anafunsa ngati akufuna kuona zimene zili m'kajuzimo. Anakana. Ansembe anabwera akuthamanga, anati angathe kumusamutsira m'manda mwa bambo ake, ndi pemphero, ndi dzina.

"Kwa Clifford ayi. Wakhala pano zaka zonsezi, musiyeni. Paipi yanuyo ndiye ikhote."

"Pa pulani ndi yowongoka, agogo," anatero Howlett. "Wojambula mapulani andidya wamoyo."

"Akudye."

Howlett anakanda m'mutu, n'kutumiza munthu kukatenga mapaipi okhota. Imogen anabwezera dothi ndi manja. A Doreen anapinda kampando kawo, anayenda mizati iwiri, anakatambasulanso, n'kukhala. Anatsegula fulasiki. Tiyi anali atazizira, koma anamwa.