Botolo la pakhonde la amayi

Mimba yanga ndinaimanga ndekha, pang'onopang'ono, ngati nyumba ya malata. Zipangizo zake zinali buledi wopaka majarini, masoseji, mabisiketi, soya pisi wothira tizokometsera ta m'mapepala, ndi chakumwa cha m'botolo chotsitsira. Ndinali mphunzitsi pasukulu ina kufupi ndi Mua, ndipo kwathu kuno mphunzitsi wopanda mimba anthu amakayika ngati amalandiradi malipiro. Yanga inkayamba kulowa m'kalasi, ine n'kumabwera pambuyo.

Tsiku lina ndikulemba pa bolodi ndinangoona chidima, choko n'kugwa. Kuchipatala anandimanga chapamkono chija, nandibaya chala. Adokotala anati bipi yakwera, shuga nayenso wayamba kusuzumira. "Bambo, chilichonse chotuluka m'pepala lonyezimira kapena m'botolo muchisiye. Muzidya za kumunda." Ndinawayang'ana. Zaka zonse zija ndikuwerenga ndi koloboyi mpaka maso psuu, kuthawa chisoso ndi mbatata, lero mankhwala ake ndi chisoso chomwecho! Akanandiuza kale ndikanangotsala kumunda, osavutika ndi mayeso.

Koma imfa ndimaiopa, sindinama. Ndinasiya zonse. M'mawa tiyi wopanda shuga ndi chinangwa, masana nandolo kapena usipa, ludzu likavuta madzi. Aphunzitsi anzanga ankandipepesa ngati ndaferedwa. Posakhalitsa lamba ndinayamba kumuboola ndi msomali.

Mlandu weniweni unali kumudzi, kuseri kwa Mtakataka, kumene amayi anga ankakhala okha bambo atamwalira. Mwezi ukatha ndinkapalasa njinga kukawaona. Akangomva belu ankayala mkeka pakhonde loyang'ana kunjira, osati kuseri kumene kuli mthunzi, n'kuikapo buledi ndi botolo la chakumwa chofiira chija. Kuti zimenezi zipezeke ankayamba akagulitsa kampunga kawo ku Golomoti. Iwo ankakhala chapatali ndi mbale yawo ya futali, ataivindikira bwinobwino ngati muli chinthu chakuba. Aliyense wodutsa ankauzidwa, asanafunse n'komwe, kuti aphunzitsi abwera. Botolo limenelo linali satifiketi yawo.

Ulendo woyamba nditakana ndinati, "Amayi, adokotala andiletsa."

"Akuletsa cha ine chokha?"

Ndinawafotokozera za shuga ndi magazi monga ndimachitira m'kalasi, manja ali m'mwamba. Anagwedeza mutu, natenga botolo kulowa nalo m'nyumba. Mwezi wotsatira chimodzimodzi. Za futali sanandiyitanepo, poti mwana wophunzira sapatsidwa zimenezo, ndipo ine sindinapemphe. Kuwonjezera apo, popeza adokotala anati ndizimwa madzi ambiri, ndinkafika ndi kachigubu kanga pa keliyala, n'kumagugudiza pakhonde pomwepo anthu akuona.

Kenaka mlongo wanga anandipeza kusukulu, nkhope ili ndwii. "Achimwene, mukudziwa zimene zili m'kamwam'kamwa kumudzi? Ku mjigo akuti mwaonda chifukwa amayi akukudyani. Akuti inu mwazindikira, n'chifukwa chake simulawa kanthu pakhomo pawo, ngakhale madzi mumabwera ndi anu. Amayi akafika potunga, anzawo amasuntha ndowa. Ana aleka kudzapala moto. Dzana mwala wagwa padenga."

Ndinapsa mtima. Mudzi wonse unali utasanduka madokotala. Pamene ndinkapumira m'mwamba pongomanga nsapato, ankati aphunzitsi ali ndi thanzi, Mulungu awadalitsa. Lero ndikukwera chitunda cha ku Mua osatsika panjinga, akuti ndalodzedwa. Koma pansi pa mkwiyowo panali mantha. Ndinakulira kumudzi, ndikudziwa zimene zimamuchitikira mayi wokalamba wokhala yekha akangomumata dzina limenelo. Amene anayamba ndi mwala umodzi sathera pomwepo.

Ndinasankha Lamulungu, nthawi imene anthu amatuluka ku Misa, njira yodutsa pakhomo pathu ikadzaza. Kachigubu ndinakasiya. Ndinapeza mkeka utayalidwa, buledi ndi botolo zili pamalo pake, koma amayi atakhala kumapeto kwa khonde, osatukula nkhope. Anali ataonda kuposa ine, opanda dokotala wowauza.

Botolo ndinaliyang'ana nthawi ndithu. Limodzi silikanandipha, zoona. Koma mwezi wamawa pakanabwera lina, kenaka lina, mpaka tsiku lodzagwa pa bolodi osadzukanso, ndipo pamaliro pangapo ndikudziwa amene akanalozedwa chala.

Ndinasamba m'manja, ndinasendera pamene anakhala, n'kuvundukula mbale yawo. Munali futali wa mbatata, nsinjiro zake zochita kunona, atamudyako kale mbali imodzi. Ndinayambira mbali yomweyo. "Amayi, thobwa lilipo?" ndinafunsa mokweza ngati ndikuitana mwana wa kumbuyo kwa kalasi. Anandipatsira m'kapu yawo yobenthuka, ndinamwa mpaka kuipendeketsa. Anthu a ku Misa, mabuku a nyimbo ali m'manja, miyendo inayamba kuwalemera pofika pakhomo pathu. Wina anaima kumanga nsapato yopanda zingwe. Ndinawapatsa moni mmodzimmodzi, m'kamwa muli tho.

Amayi anandinong'oneza, mano ali okukuta. "Iwe, ukundichititsa manyazi. Ndinagulitsa mbuzi zanga kuti uzidzadya futali pagulu?"

"Onjezerani, amayi. Sindinakhute."

Analowa m'nyumba, nakhalitsako. Potuluka mbale inali yodzaza, maso ali ofiira. Anati ndi utsi. Moto unali utazima kalekale.

Sabata isanathe madokotala a ku mjigo anasintha matenda. Tsopano akuti aphunzitsi zawo zinada, ngongole zawamaliza, mpaka akukalanda futali wa mayi awo okalamba. Mbiri imeneyo ndinailandira ndi manja awiri, ndipo ndimaithirira mwezi ndi mwezi. Ndowa zinaleka kusuntha, ana anayambiranso kudzapala moto.

Amayi sanagonje ayi. Mpaka lero ndikaliza belu mkeka umayalidwa pakhonde la kunjira, botolo n'kutuluka. Ndi lomwe lija la tsiku limenelo, losatsegula, chitsekero chake chayamba dzimbiri, kufiira kwake kwasuluka ndi dzuwa. Amalipukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kuliimika pafupi ndi bondo langa, kenaka n'kundikankhira mbale ya futali.

Ulendo wina ndinati ndilitaye, lakalamba. Anandigwira dzanja.

"Lisiye pomwepo, mwanawe. Anthu aziona kuti ukanafuna ukanamwa."