Mpanda wa Bambo Weston

Bambo Weston a ku Chinsapo anagwira ulonda zaka khumi ndi zinayi pasitolo ina m'tauni, koma ukawatchula mlonda ankachita tsinya. Iwo anali a sekyulite. Ankafotokozera aliyense, ngakhale wosafunsa, kuti mawu achingerezi amenewa ndi chitetezo ndithu, koma chitetezo cha anthu ozindikira: loko, geti, mpanda wautali, osati zodalira anansi ngati kumudzi.

Atapuma ntchito anazunguliza mpanda wa njerwa kanyumba kawo ka zipinda ziwiri, pamwamba n'kuzikapo mabotolo oswa. Nanga choti n'kubedwa m'katimo chinali chiyani? Wailesi yakufa ndi mpando wothyoka mwendo. Komatu mkuluyu ankayenda makiyi ali lendelende m'chiuno ngati mwini banki. Mnansi akagogoda kupempha mchere, ankamuyankhira pakabowo ka geti. Kumaliro sankapondako, ati akuba amatchera khutu komwe kukuimbidwa nyimbo kuti akabe m'nyumba za opita kumaliro. Kunali kudzikuza konyansa, kwa munthu woti nsapato zake zinali zigamba zokhazokha.

M'nyumbamo munali mkazi wawo Jacinta ndi mayi awo okalamba amene anawatenga ku Dedza. Gogoyo analibe mantha ndi akuba. Mantha ake anali kuikidwa ngati galu, popanda anthu.

"Mwanawe, ndikadzafa adzandinyamula ndani? Getili?"

A Weston ankangoseka, amvekere amayi ndi achikale.

Gogoyo anamwalira Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Juni. A Weston anatsegula geti lonse, nayala mphasa pabwalo, naika masamba pamsewu monga achitira pamaliro. Anthu ankatsika njinga mwaulemu pamasambapo, n'kukweranso akapitirira. Dzuwa linafika paliwombo Jacinta akulira yekha, mawu atasasa.

Manyazi atawagwira, a Weston anapita kwa amayi Mabel, mtsogoleri wa amayi a m'deralo pa zamaliro. Anawapeza akuchapa, ndipo mayiwo sanadzuke n'komwe.

"Pepani abambo. Gogoyo tinkangomumvera chifuwa kuseri kwa mpanda. Ngakhale nkhope yake sitikuidziwa."

A Weston atabwerera, Jacinta anawafunsa kuti thupi asambitsa ndi ndani, poti yekha sangathe kulitembenuza. Aliyense amadziwa kuti mwana wamwamuna saona thupi la mayi ake. A Weston anaima pageti nthawi yaitali, akuyang'ana kumtunda ndi kumunsi kwa msewu. Kenako anapinda malaya, natola beseni, n'kulowa m'chipinda cha mayi awo.